Tsiku Limene Ndinagwada pa Manda a Lodi Uja

Thamesmead, Lachinayi masana

Tiyamike mwananga,

Wapita ku Barking kukalukitsa tsitsi ndi kukatsanzika anzako, ndipo ine ndatsala ndi masutikesi ako awiri m'kolido muno, oti popita kubafa ndikuchita kuwalambalala chammbali. Mawa ukukwera ndege ya ku Barbados. Akuti zaka zitatu, koma ine za zaka zitatu ndinazimvapo kale: agogo ako aamuna anachoka ku Dedza wapansi kuti akagwire ntchito ku Halale zaka zitatu, ndipo mafupa awo ali komweko mpaka lero. Ndiye ndati ndilembe, popeza pakamwa zakanika. Chichokere m'tchalitchi muja, ine ndi iwe timangolankhulana za makiyi, za mkaka ndi za bilu ya gasi, ngati anthu ochita lendi nyumba imodzi. Sindikufuna uwoloke nyanja uli ndi manyazi ndi mayi ako. Nkhani yake ndi imeneyi basi, ndipo ikundisowetsa mtendere.

Dzina la lodi wakoyo, bwana wamkulu wa Chingerezi uja ukufufuza mbiri yake, sindilemba. Walilemba kale iwe kokwanira, ndipo ine lilime limapunthwa nalo. Zaka zako zonse za ku yunivesite munthu ameneyu wakhala akudya nafe patebulo pano, woti anafa zaka mazana atatu ndi kanthu zapitazo, mpaka Mai Chirwa a fulati ya pansi apa, amene ndimagwira nawo ntchito, anandifunsa tsiku lina kuti, "Kodi mkamwini ameneyu tidzamuona liti? Every day lodi, lodi, koma malowolo ake osaoneka." Ndinaseka mpaka misozi. Iwe umaganiza kuti ndikamatsuka mbale sindimva, koma ndinamva zonse. Tamvera, undiuze ngati ndalakwitsa.

Anabadwa wachiwiri, choncho minda ya bambo ake sinali yake. Anamutumiza ali wamng'ono kunyumba ya mfumu kuti azikagwira chikhoti ndi kutsegula zitseko, ndipo anatsegula bwino mpaka mfumu inamugwaditsa, kumukhudza ndi lupanga paphewa, iye n'kudzuka ali bwana. Anakwatira mkazi wamasiye wachuma. Anamutuma ukazembe kutsidya kwa nyanja. Pamene mfumu inayambana ndi nyumba ya malamulo mpaka kufika pa nkhondo, iye anayamba ali kwa mfumu, koma atanunkhiza mphepo anawolokera kwa enawo. Mfumu itadulidwa mutu anakhala nawo m'bwalo la olamulira atsopano, ndipo mwana wa mfumuyo atabwerera kudzatenga mpando, lodi wako anali kale pagombe, chipewa m'manja, bondo pansi. Anamupatsa dzina lalikulu kuposa loyamba, ndi mpando m'kagulu koyang'anira minda ya maiko akutali. Ali pa mpando umenewo ndi pamene anaponya chuma chake m'zombo zokagula anthu kugombe la kumadzulo kwa Africa, n'kulandiranso munda wa nzimbe pa chilumba chimene ukupitacho. Mundawo sanauonepo ndi maso, unati ankadwala akangokwera chombo. Tsiku limene unanena zimenezo ndinaika mbale pansi, chifukwa munthuyo ndinamuzindikira.

Ndinamuzindikira chifukwa pulazi limene ndinabadwira, kufupi ndi Marondera, linalinso la munthu amene sanabwereko. Tinkadziwa manijala, tinkadziwa foromani, koma mwini wake ankangotchedwa kuti a ku London. Lachisanu lililonse amayi anga, agogo ako aNabanda, ankandigwira dzanja kupita kusitolo ya pulazi kukalandira phoso, ufa ndi nyemba ndi kamchere, ndipo polandira tinkagwada. Palibe anandiphunzitsa ndi mawu. Ndinaona maondo a amayi akupinda, anga n'kupinda. Kunyumba tinkagwadiranso akuluakulu, popereka madzi ndi polonjera alendo, ndipo mwana wamng'ono sasiyanitsa kugwada kwa ulemu ndi kugwada kwa mantha. Thupi limangophunzira kuti chachikulu chikaima patsogolo pako, tsika. Lodi wako anagwadira olamulira onse a m'nthawi yake n'kudzuka ndi minda, ife tinkagwada n'kudzuka ndi nyemba zofumbwa. Ukamalemba za iye uzikumbukira zimenezi, mwananga, usamaike ogwada onse m'thumba limodzi.

Tsopano za Loweruka lija. Sunadziwe mmene ndinakondwera utandiuza kuti, "Mum, tiyeni mukaone nyumba yake." Kanali koyamba kundiitana ku zinthu za sukulu yako, ndipo ndinasinthitsa shifiti kuti ndipite. Basi mpaka Abbey Wood, sitima, kenako sitima ina ya District line mpaka kumene imathera, ine ndili ndi masangweji a tonse m'chikwama. Nyumbayo ndinaiona: masitepe otakata oti ng'ombe ziwiri n'kudutsana, timbale tasiliva ta shuga tokhala ndi loko, ndi chithunzi chake atavala tsitsi la eni ake lofika m'mapewa. Sizinandiopse, ndakolopapo nyumba zazikulu ine. Chimene sunandichenjeze n'chakuti Angerezi akale ankaika maliro m'kati mwa tchalitchi, pansi penipeni pamene anthu amaponda. Titalowa m'tchalitchi cha pafupi ndi nyumbayo ndinaona mayina a akufa pansi, ndipo aphunzitsi ako a magalasi aja ndi anzako a m'kalasi ankangoyendapo ndi nsapato, uku akucheza. Ndinkachita kusankha popondera, ndikupepesa chamumtima. Kenako tinafika pakona paja pamene wagona iyeyo, wosemedwa m'mwala woyera, manja atawaphatikiza, kagalu kumapazi. Iwe unayamba kufotokoza bwinobwino, Chingerezi chikuchita kuterera, n'kutambasula dzanja kuloza manda ndi chala. Mtima wanga unangoti myu. Pamene ndinkazindikira n'kuti ndili kale pansi, maondo pa mwala wozizira, ndikuomba m'manja pang'onopang'ono ndi kunena kuti, "Pepani eni malo, ndife alendo, tangodutsa." M'tchalitchi mopanda phokoso kuomba m'manja kumamveka kutali. Onse anacheuka.

"Mum, get up. Please. Not for him." Unanena motsitsa mawu, koma nkhope yako sindidzaiiwala. M'sitima pobwerera unati, "Mukudziwa zimene anachita munthu uja. Ndinakuuzani zonse. And you knelt, pamaso pa supervisor wanga." Apa m'pamene ndinalakwa kwenikweni, kuposa m'tchalitchi muja. M'malo moti ndikuuze zimene zinali mumtima, ndinapsa mtima ngati ndili pa mpopi wa pakomboni. Ndinati, "Sukulu yakuzunguza mutu. Ulemu undiphunzitse iwe, woti matewera ndinakusintha ndine?" Azungu m'sitimamo anabisa nkhope m'manyuzipepala. Maphunziro ako ndinawapempherera ndekha zaka zonsezi, ndipo walira mvula walira matope, koma tsiku limenelo ndinaiwala kuti mvulayo ndinaiitana ndine. Usadzatengere kwa ine khalidwe limeneli, Tiyamike. Munthu amene umamukonda akakufunsa funso lopweteka, muyankhe funsolo, usamukumbutse kuti unamuona akubadwa. Yankho lako ndi ili, lachedwa koma lafika.

Ndikanakonda kukuuza kuti ndinagwadira anthu aja anagulitsidwa kuti mwala woyerawo ugulidwe. Zikanakoma, mwinanso ukanazilemba m'buku lako. Koma lingakhale bodza, chifukwa nthawi imeneyo sindinawaganizire n'komwe. Mbali ina anali maondo a papulazi aja: chinthu chachikulu chinaima patsogolo panga, thupi n'kuchita zimene linazolowera. Pamenepo unanena zoona, ndipo zimandiwawa kuti ndili ndi imvi koma phoso lija likadali m'mafupa mwanga. Mbali ina unali mwambo. Kwathu kumanda sikulowedwa chilowelowe, ndipo manda salozedwa ndi chala, kaya wagonamo ndi m'busa kaya ndi wakuba. Sitimulonjera chifukwa anali wabwino ayi, timamulonjera chifukwa wapita kumene ifenso tikupita. Utaloza ndinachita mantha chifukwa cha iwe, ndipo ndinapepesa m'malo mwako. Useke ngati ukufuna. Koma palinso chachitatu, ndipo kuti uchimve ndiyenera kubwerera kwa agogo ako aakazi.

Nkhani ya kusukulu yogonera ija waimva kangapo, ndipo ndikaiyamba umayang'ana kudenga, koma lero uimve mpaka kumapeto. Kusukulu kuja ana a Amalawi tinkatchedwa mayina, ndiye ine ndinkalankhula Chishona chokhachokha, choposa cha eni ake, kuti ndisadziwike. Tsiku la makolo amayi anatulukira ndi chimanga chokazinga m'thumba la feteleza, opanda nsapato, ndipo ataona ahedi anagwada pakati pa bwalo pomwepo n'kulonjera m'Chichewa mokweza. Anzanga anaseka. Ine ndinalandira thumbalo ndikuyang'ana kumbali, ndinawayankha m'Chishona, ndipo pobwerera sindinawaperekeze. Akuluakulu amati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, koma pa msinkhu umenewo mwambi umalowa khutu ili n'kutulukira linalo. Manyaziwo sindidziimba nawo mlandu kwambiri, ndinali mwana. Chimene chimandidya n'chakuti amayi sanaitchulenso nkhaniyo, inenso sindinaitchule. Ndinakula, ndinakwatiwa ndi malemu bambo ako, ndinakubereka iwe, amayi n'kukusambitsa madzi oyamba, ndipo nthawi yonseyo ndinkati tidzakhala pansi tsiku lina ndidzawapepese. Pamene mapulazi anayamba kusokonekera, ine ndi iwe n'kumabwera kuno, ndinawatsanzika pa siteshoni ya basi mothamanga, maso ali pa zikwama.

Anamwalira mapepala athu ali ku ofesi ya zitupa ku Croydon. Ukukumbukira mizere ija ya m'mawa, tikunjenjemera ndi chisanu, ine ndikukuuza kuti uime mowongoka ngati kuti chitupa amapereka poona msana. Loya anandiuza kuti ndikatuluka m'dziko muno sindilowanso, ndipo iwe n'kuti utangoyamba kuzolowera sukulu ya kuno. Ndinasankha iwe, ndipo lero ndikanasankhanso iwe. Maliro a mayi anga ndinawamvera pa foni ya khadi, m'khitchini muno, malume ako Yohane atakweza foni m'mwamba kuti ndimve nyimbo, mpaka khadi linathera pakati pa vesi. Anawaika kumanda a pakomboni, pafupi ndi agogo ako aamuna, popanda mwala. Mapepala atatuluka ndinayamba kukonzekera ulendo, koma malume ako anati ndisavutike, pamalopo panalimidwa ndipo mtengo umene unali chizindikiro unadulidwa. Maliro a kuno umawadziwa, timangosonkha ku tchalitchi, bokosi n'kukwera ndege. Choncho chimwalirire amayi ndinali ndisanaimepo pa manda a munthu aliyense, mpaka tsiku limene unandiimika pa manda a lodi wako. Maondowa anadikira zaka zonsezo, ndipo anagwa pa manda oyamba amene anawapeza. Anagwa polakwika, ndikuvomera. Ndiye iwe usamati tidzakambirana, mwananga. Ine ndinatero, ndipo wokambirana naye ndilibenso.

Palinso za mdala uja wa m'chipinda cha kumapeto, kunyumba ya okalamba kumene ndimagwira ntchito. Dzina sinditchula, ntchito yathu siilola. Anali manijala wa pulazi la fodya kwathu komwe kuja, nthawi ya azungu, ndipo mutu utasokonekera ndi ukalamba anabwerera kumeneko m'maganizo. Akandiona ankakuwa kuti, "Iwe! Buya lapa!" kutanthauza bwera kuno, m'chilankhulo chomwe chija azungu ankaitanira abambo anga m'munda. Ndinamuda munthu ameneyo. Ntchito ndinkagwira bwino, kumusambitsa, kumumeta, kumudyetsa, koma poweruka ndinkabwera naye m'mutu, kukwera naye basi, mpaka kumulota. BP inakwera, ndipo iwe ndinkakukalipira chifukwa cha kapu imodzi yosatsuka. Iye n'kuti akugona tulo tabwino, dzina langa osalidziwa n'komwe. Tsiku limene anamwalira panalibe wachibale, ndipo amene anamutseka maso ndi kutsegula windo, monga amachitira anamwino a kuno, ndinali ine. Kukhululuka sindikudziwa ngati ndinamukhululukira. Ndinangoona kuti kankhalamba kopepuka ngati mtolo wa mapesi kakhala kakundidya nthawi yonseyi, ine ndikudzipereka ndekha m'kamwa mwake. Ndikukuona iwe ndi lodi wakoyu chimodzimodzi. Waonda, kwaya unasiya, ndipo kuseka kwako kwenikweni kuja sindikukumbuka kuti ndinakumva liti. Mkwiyo wako ndi woona ndipo sindikuti uutaye, koma madzulo uzimusiya ku laibulale munthuyo, asamabwere nawe kunyumba. Ndipo polemba ulembe zonse. Tinyumba ta amayi amasiye timene anamanga pambali pa tchalitchi tija ndinationa, agogo atakhala panja akuothera dzuwa. Utilembe pamodzi ndi zombo zija, pa tsamba limodzi, chifukwa amene anamanga ndi amene anatumiza zombo ndi munthu mmodzi.

Anthu a ku chilumbako akafanana nafe nkhope, koma usakafike ngati wachibale amene wabwera kudzawauza mbiri yawo. Ine nditangofika kuno ndinakhala pafupi ndi mayi wina wakuda ngati ife m'basi, n'kumufunsa mosangalala kuti kwawo n'kuti. Anati kwawo ndi ku Lewisham. Ndinaumirira kuti ayi, kwanu kwenikweni, ku Africa, ndipo anandiyang'ana n'kusamukira mpando wina. Panapita nthawi ndisanamvetse kuti funso limene kwa ife ndi moni, kwa iye linali bala, chifukwa amene akanamuuza yankho anatsitsidwa m'zombo ngati za lodi wakozo. Ukalonjere, ukadye chimene akupatsa, ukapeze tchalitchi, ukamvetsere kwambiri kuposa kulankhula. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, ndipo mlomo wakowo ndikuudziwa, unatengera ine. Mankhwala ako a mphumu ndaika m'thumba la kutsogolo la sutikesi yaing'ono, usawasamutsire m'katundu wopita pansi pa ndege. Uziimba foni Lamulungu, ngakhale ulibe chonena.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi lokha. Ndinakumva pa foni ukuuza aphunzitsi ako kuti kumapeto kwa munda wa nzimbe uja kuli kathengo kumene ankakwirira akapolo, kopanda mwala ngakhale umodzi, kumene lero kumadya mbuzi. Ndikudziwa kuti ukapitako ndi kamera ndi tepi yoyezera. Usanalowe, ukapeze wamkulu wa pamalopo akulole. Ukavule nsapato. Chala ukachisunge. Ndiyeno ukagwade, Tiyamike, maondo onse awiri pa dothi, ukaombe m'manja mofatsa monga timaombera akazi, ndipo ukanene kuti ndiwe ndani, m'Chichewa chako chothyokathyokacho: kuti ndiwe Naphiri, mwana wa Esinati, mdzukulu wa aNabanda amene nawonso agona m'munda wa eni popanda mwala. Chichewa sakachimva, ndikudziwa, anachokera mbali ina ya Africa, koma kuomba m'manja akakumva. Potuluka ukasambe m'manja. Sindikukukakamiza kukhulupirira zimene ndimakhulupirira ine. Ndikungoti maondo anga anaphonya, ndipo ine kumeneko sindidzafikako, ku Marondera nakonso kulibe poti ndikagwade. Ukandigwadireko, kamodzi kokha, ngakhale anzako akuona.

Kalatayi sindiika m'sutikesi ayi, ndiisiya pamwamba kuti uione ukangolowa. Mawa ndili pa shifiti ya m'mawa. Unati anzako akakusiya ku bwalo la ndege pa galimoto, ndipo sindinafunse ngati muli malo a munthu mmodzi, chifukwa ndinaopa yankho lake. Mai Chirwa avomera kundigwirira ntchito ngati ndiwaimbira lero lomwe. Kulira ndikalira, usayembekezere zina, ndipo mwina ndikakuchititsanso manyazi pamaso pa anthu, chifukwa mayi amene uli naye ndi yemweyu. Ngati ukufuna ndikuperekeze, gogoda pachitseko changa ukamaliza kuwerenga. Ngati sugogoda sindikuimba mlandu. Ndidzuka, ndivala yunifolomu, ndikupempherera ndili chiimire pakhomo pako, ndipo ndituluka mwakachetechete kuti ndisakudzutse.

Ndikhala ndili m'chipinda, wailesi nditazimitsa.

Ndine mayi ako,
Esinati